A Bakari, telala woopa sizasi

Pa Liwaladzi panalibe amene sankadziwa kuti a Bakari, telala wathu, ankaopa sizasi. Kusoka ankasoka mwakuti ulusi sumauona, koma ikafika nthawi yodula nsalu yatsopano, thukuta kamukamu ngati aona ng'ona.

Ntchito ankagwira okhaokha pakhonde la golosale, m'mbali mwa msewu. Chikondwerero cha Idi chikayandikira, nsalu zinkaunjikana kufika m'chiuno, ndipo mutu wawo unkaima. Chaka china tinawafunafuna tsiku lonse, n'kuwapeza atanyonyomala m'munda wa chinangwa.

"Mukutani kuno, a Bakari?"

"Nsalu zija zikundiyang'ana," anatero. "Iliyonse ikufuna ndiyambe iyo."

Amene anawapezera mankhwala ndi mayi Rahila, ogulitsa usipa. Anabweretsa nsalu ya ukwati wa mwana wawo, yochokera ku Dar es Salaam, yofanana nayo kunalibe. Ukwati unali Lamlungu. Lachinayi anaipeza ili chipindire.

"Bambo inu, mwana wanga avale chiyani? Thumba la feteleza?"

"Mayi, ndikalakwitsa kudula? Nsalu simera."

"Bweretsani sizasiyo!"

Mayiwo anadula pamzere wa choko, kutalika ngati chala chimodzi. "Nayo, ndaiwononga ine. Mlandu ndi wanga, malizani." Kenako anakoka mphasa n'kuvindikira mulu wa nsalu zina zija. "Izi zagona."

A Bakari anausa moyo, sizasi n'kuyamba kuyenda. Loweruka diresi linali litatha, lokongola mwakuti akuchimuna anaiwala kudya.

Kuyambira pamenepo linakhala lamulo: mwini nsalu ayambe yekha kuidula kutalika ngati chala chimodzi, zina zonse pansi pa mphasa. Mphunzitsi wina wodzimva anakana, ati si ntchito yake. Anadikira suti miyezi itatu, mapeto ake anabwera mozemba n'kudula. Mantha a Bakari sanawathere ayi, tinkangowathandiza kusenza.

A Bakari anatisiya chaka chatha, nthawi yokolola mpunga. Pamaliro shehe anatambasula nsalu yoyera ya sanda, n'kunyamula sizasi ya malemu yomwe ija.

"Ayambe ndani?"

Amuna tonse amene tinkawaseka tinabwerera m'mbuyo. Shehe anandipatsa ine. Sindikubisirani, ndinachita mantha. Mzere wodula sindinkauona, ndipo mwini nsalu anali gone chete, osatha kundiyambira.

Kuseri kwa mpanda, kumene kunakhala amayi, kunamveka mawu a mayi Rahila, osasa ndi kulira:

"Chala chimodzi chokha, a Rashidi. Anzanuwo amaliza."

Ndinadula, n'kupatsira mnzanga. Sizasi inazungulira tonse.

Pakhonde paja pano pali telala wina, wachangu zedi. Amangolanda nsalu n'kuidula mukulankhula, osakufunsani kanthu. Sindimuda munthuyo. Koma nthawi zonse ndikamupatsa nsalu, ndimapezeka nditatambasula dzanja, kudikira sizasi.