Chikalata cholowera m'nyumba ya apongozi

Anthu akamayamikira lamulo lakuti msilikali asalowe m'nyumba ya munthu popanda chikalata, ine ndimangoyang'ana pansi. Lamulolo ndi labwino, sindikutsutsa ayi. Koma ine linandivula chisoti, linanditsegula m'mimba, ndipo linatsala pang'ono kundilanda mkazi, zonsezi tsiku limodzi. Chopweteka kwambiri n'chakuti amene analipempha ndi pakamwa pake ndine ndemwe.

Zaka zimenezo, nkhondo ya Azungu isanabuke, ndinali msilikali wa pa boma, kunsi kwa phiri la Dedza. Chisoti chofiira kumutu, lamba wachikopa m'chiuno, kumapazi kopanda kanthu. Kafufuzidwe kathu kanali kosavuta. Kukamveka kuti kwabedwa chinthu, tinkafika pamudzi, chitseko n'kuchitsegula ndi phazi, kenako n'kuvundula zonse eni nyumba atathawira kudimba. Pobwerera, tinthu tina tinkakakamira m'manja mwathu, apa nkhuku, apo khasu (musandiyang'ane choncho, tonse tinkatero).

Madandaulo atachuluka, ku Zomba anatumiza mzungu woti adzaunike malamulo a kafufuzidweko ndi kuona ofunika kusintha. Tinamutcha Bwana Kalemba, chifukwa ngakhale munthu uyetsemule, iye ankalemba m'kabuku kake. Chinyanja ankalankhula ndithu, chija cha m'mabuku. Anatiimika pamzere pakhonde la ofesi n'kumatifunsa mmodzimmodzi chimene chinkalakwika pa ntchito yathu. Anzanga onse, kuyambira a Sajeni, yankho lawo linali limodzi: "Zonse zili bwino, bwana."

Ine pamenepo mtima unali pa ukopolo, udindo wotsatira kwa a Sajeni. Ndinali nditaphunzirako kuwerenga ku mishoni, ndipo ndinkaona kuti mkono wanga ukungosowa kamzere kamodzi kuti ndikhale munthu. Nthawi yanga itakwana ndinawomba sawasha.

"Bwana, ine ndili ndi mawu. Msilikali asamalowe m'nyumba popanda chikalata chotchula mwini nyumbayo. Chikalatacho azimuwerengera mwiniwake maso ndi maso. Ndipo wochinyamulayo azilowa yekha, afufuze ndi manja ake mpaka pansi pa mphasa, mwini nyumba ataima pakhomo, kuti pasakhale wonena kuti asilikali aba."

Bwana Kalemba analemba mpaka nsonga ya pensulo inathyoka. "Mawu anzeru," anatero. "Mawa tiyesa. Udzayamba ndiwe, ine ndidzaonerera." Ndinatupa ngati finye. Sindinaone n'komwe mmene a Sajeni ankandiyang'anira, ine amene ndinali nditangowatsekera pakhomo pa nkhuku zaulere.

M'mawa mwake a Sajeni anandipatsa chikalata akumwetulira (ndipo a Sajeni akamwetulira, dziwani kuti wina alira). Mwezi wathawo amtengatenga a sitolo ina anali ataberedwa mtolo wa nsalu, ndipo tsopano wina anali atanong'oneza ku boma kuti nsalu yonga zimenezo yaoneka m'nyumba ya mayi wina ku Mphunzi. Nditawerenga dzina la mudzi, ndinaliwerenganso kachiwiri. Kenako ndinafika pa dzina la mayiyo. ANaphiri. Apongozi anga.

Ana a masiku ano mwina simungamvetse. Ndinakwatira chikamwini m'mudzi umenewo, ndipo pa zaka zitatu zonse nkhope ya apongozi ndinali ndisanaione bwinobwino. Ndinkawadziwira kutsokomola ndi zidendene. Tikakumana panjira iwo ankapatukira uku, ine uko, kaya muli minga kaya muli chitedze. Mkamwini kungoima pakhomo pawo unali kale mlandu wa nkhuku. Wolowa m'kati n'kukagwira mphasa imene amagonapo, ameneyo ankamuikira khasu ndi nkhwangwa yake panjira kuti azipita kwawo, ana n'kutsala ndi mayi awo. Ndipo mkazi wanga Nambewe anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, mwezi wachisanu ndi chitatu.

"A Sajeni, pepani, tumizani wina," ndinawachonderera. "Amenewa ndi apongozi anga."

"Wochinyamula azilowa yekha," anayankha akusisita chikoti. "Si mawu ako amenewa? Ukakana, chisoti uvule pompano, ugonenso pansi ulandire zako zonyoza bwana."

Ndinaganiza zodwala. Ndinagwira pamimba, n'kupita kwa Bwana Kalemba nditapindika, ndikubuula ngati ng'ombe yoberekera kudambo. Mzungu uja anandimvera chisoni kwambiri. Anatsegula bokosi lake, n'kusungunula mchere wa Chizungu wotsuka m'mimba, masupuni awiri odzaza, ndipo anaima pomwepo mpaka nditameza dontho lomaliza. "Pofika masana udzakhala wopepuka," anatero. Sananame.

Ulendo wa ku Mphunzi sindidzauiwala. Bwana ali m'machila, a Sajeni pambuyo, ine patsogolo ndi chikalata m'thumba. Mphepo ya mwezi wa Juni inkachita kucheka makutu, koma ine thukuta lili kamukamu. Ndinapatukira kutchire kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndinkapemphera nditanjuta kuti apongozi tikawapeze atapita kumaliro kutali, kapena nyumbayo itapsa (Mulungu andikhululukire, ndinapemphadi zimenezo).

Mbiri inali itatitsogolera. Tinapeza mudzi wonse uli pabwalo. Nambewe anaima pafupi ndi mtondo, dzanja lili pamimba. Apongozi atangoona kuti wachisotiyo ndine, anathawira kuseri kwa nkhokwe. Amene anatilandira anali aChisale, amalume ake a Nambewe, mwini mbumba, munthu wosakweza mawu amene ndinkamuopa kuposa a Sajeni.

"Akamwini, mwatibweretsera alendo," anatero aChisale. "Kodi n'kwabwino?"

"N'kwabwino, amalume. Pang'ono."

Ndinatulutsa chikalata, n'kufulatira nkhokwe, n'kuyamba kuwerenga mokweza nditayang'ana phata la nthochi.

"Kodi mwini nyumba ndi nthochi?" anafunsa Bwana Kalemba. "Unati maso ndi maso."

Amayi awiri anakawatenga apongozi kuseri kuja n'kuwaimika pakhomo, atadziphimba kumaso ndi lichero. Ine ndinatembenuka, chikalata n'kuchimata pamphuno kuti ndisaone kanthu, ndipo ndinachiwerenga chonse, zilembo zikuvina. Lichero uko, pepala kuno. Bwana anayang'ana, anakanda mutu, n'kulemba.

Nditasuntha phazi kulowera kukhomo, aChisale anandiyandikira n'kundinong'oneza. "Mukaponda m'nyumba imeneyo, potuluka mulunjike njira ya kwanu. Nkhwangwa yanu muipeza kutsogolo."

Ndinayang'ana Nambewe, iye anayang'ana pansi. Ndinayang'ana a Sajeni, iwo anakweza chikoti pang'ono. Mantha amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire, ndipo m'mimba namo mchere uja unali usanamalize ntchito yake. Ndiye ndinaganiza kuti ndikalowa chafutambuyo, nditatsinzina, mwina akuluakulu adzati sikunali kulowa kwenikweni (nzeru za munthu wamantha zimenezo). Nkhongo inagunda pamwamba pa khomo, chisoti n'kugubudukira panja. Chidendene chinakankha mtsuko wa thobwa, phwa! Ndinapapasa khoma, ndinapapasa mafuwa, ndinagwira nkhuku yofungatira imene inandijompha chala.

"Mulibe kanthu, bwana!" ndinakuwa.

"Pansi pa mphasa," anayankha ali panja. "Unanena wekha."

Ndinagwada. Ndinaigwira mphasa ya apongozi ndi zala ziwiri, kumapeto kwenikweni. Amayi amene ankasuzumira pakhomo analira mokweza ngati pachitika zovuta. Nditatsegula diso limodzi, ndinaona nsalu yopindidwa bwino, yofiira, ya maluwa oyera. Ndinaidziwa nthawi yomweyo.

Mwezi wathawo, tikusaka mtolo wobedwa uja ku Lobi, tinapeza nsalu zina m'nyumba ya wakubayo, ndipo imodzi inakakamira m'manja mwanga. Ndinakampatsa Nambewe, n'kumuuza kuti ndagula. Iye, pokhala mwana womvera, anaipereka kwa mayi ake osandiuza. Apongozi anaivala kamodzi kutchalitchi, ndipo maso a anthu sagona.

Ndinafuna kuilowetsa m'malaya, koma mutu wa a Sajeni unali kale pakhomo. Ndinatuluka nayo ili m'manja. Bwana anaitembenuza, anaona chizindikiro cha sitolo, n'kunena mwachidule kuti, "Sajeni, mangani mayiyu."

A Sajeni anamasula chingwe m'chiuno. Pamenepo lichero lija linagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope ya apongozi anga. Inali nkhope ya Nambewe yeniyeni, yokalamba chabe. Kamayi kochepa thupi, kamene kanandipatsa malo omanga nyumba ndi munda wa nyemba, kakutambasula manja kuti kamangidwe chifukwa cha kuba kwanga. Manyazi amene ndinamva anaposa mantha onse a tsikulo.

"Bwana, musawamange," ndinatero. "Nsalu imeneyo ndinaba ndine, ku Lobi, tikufufuza."

Bwana Kalemba ananola pensulo yake n'kulemba. Atamaliza anatiwerengera: msilikali akatuluka m'nyumba, nayenso azifufuzidwa. Anayambira pa ine pomwepo, pamaso pa mudzi wonse ndi apongozi omwe, ndipo atangofika pomasula lamba, mchere uja unandiitana kachisanu. Ndinathamangira kutchire nditagwira kabudula, ndipo ana a m'mudzimo anandiperekeza ndi chiphwete.

Za ukopolo zinathera pamenepo. Chisoti anachitola a Sajeni. Ku boma ndinalandira zikoti zanga, kenako mwezi wathunthu ndikuphwanya miyala pamsewu, ndipo tsiku lililonse ndinkangoganiza za mwana amene adzabadwe ine nditathamangitsidwa.

Atanditulutsa ndinayenda mpaka ku Mphunzi. Pa mphambano yolowera m'mudzi ndinapeza khasu ndi nkhwangwa yanga zitatsamira mtengo, mipini itayamba kale kudyedwa ndi chiswe. Ndinakhala pansi pomwepo, misozi n'kuyamba kutsika yokha. Posakhalitsa ndinaona aChisale akubwera, manja ali kumbuyo.

"Tinakuikirani pano tsiku lomwe lija," anatero. "Ine ndinati zatha. Koma achemwali anga akana. Akuti munthu amene wapereka msana wake ku chikoti kuti iwo asalawe chingwe sathamangitsidwa."

Ndinagwada n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Musasangalale msanga, akamwini. Akuti mbuzi ya mphasa ija mupereka, mtsuko mugula wina, ndipo khasulo mulitole mulunjike nalo kumunda kwawo, kukufunika kusosa. Mukaweruka kumeneko mukaone mwana. Wabadwa dzana, wamkazi."

Munda umenewo ndinausosa ngati wamisala, ndipo dzuwa lisanapendeke ndinali nditamunyamula mwana wanga m'manja odzaza matuza.

Phunziro ndinalitola: pamsonkhano munthu uziluma lilime, anzeru alankhule ndi ena. Ndinalisunga ndithu zaka zambiri, mpaka chaka chatha pamene aphunzitsi a kutchalitchi kwathu anafunsa ngati alipo ali ndi maganizo pa denga lodontha. Udzu wake ndikumweta mpaka lero, ndekha.