Laputopu Yosayankhula ya a Tiyesekaye

Pa Lizulu ponse panalibe amene sankadziwa kuti a Gracian sakhulupirira chinthu asanachiyese. Benchi ya kutchalitchi ankayamba aigwedeza kaye asanakhalepo. Mbatatesi za pamsika ankazitsina ndi chikhadabo mwini wake akuona. Mpake anthu anawatcha a Tiyesekaye. Akazi awo, mayi Selestina, ankalumbira kuti pa tsiku la ukwati mkuluyu anailuma mphete ndi mano, wansembe ali chilili kudikira.

Anali ndi kashopu kokonza makompyuta kuseri kwa ogulitsa kabichi, ndipo m'khosi ankavala fulashi pambali pa kolona. M'fulashimo munali Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene anaiphunzira ku Joni atasiya ntchito ya mumgodi. Abale inu, chikondi chake! Ukawasiyira laputopu kuti angoipukuta fumbi, unkaipeza yabatizidwa kale.

"Koma a Gracian, ine ndimangofuna chaja!" anadandaula tsiku lina mphunzitsi wa ku Mlangeni.

"Chaja ndi iyi, aphunzitsi. Linux ndakuikirani ya basela."

Laputopu yatsopano ikafika, ankatenga pepala n'kulemba mndandanda: batire, mabatani, kamera, intaneti, maiki, sipika. Chogwira ntchito ankachichonga. Pakasowa chonga ngakhale chimodzi, makinawo sankatuluka m'shopumo, mwini wake ngakhale agwade.

Tsoka lake, ndi anthu omwe ankawayesa. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tikondwe, atabwera ndi Benson, mnyamata wa ku Bwanje womufunsira banja, a Gracian anamuikira wailesi yakufa pamiyendo kuti aikonze. Benson anatuluka thukuta m'chisanu cha Juni, wailesi osalira.

"Uyu sagwirizana ndi nyumba ino," anagamula choncho.

 Tikondwe analongedza chikwama, nakwatiwa ndi Bensonyo, onse ulendo wa ku Joni. Zaka zinayi zinatha bambo ndi mwana osalankhulana. Mayi Selestina ndiwo ankayankhula naye pafoni, ndipo akayamba kufotokoza za mdzukulu amene anabadwa kumeneko, a Gracian ankanamizira kufunafuna sikulu pansi pa tebulo. Mayiwa chinkawapweteka kwambiri, ndipo pemphero lawo linali limodzi: awiriwa amvane mawu wina asanatsikire kuli chete.

Kenaka galimoto yonyamula katundu wa ku Joni inawatsitsira katoni. M'katimo munali laputopu yatsopano yonyezimira, ndi kakalata: "Ababa, mundiimbire pamenepa, muone mdzukulu wanu."

Mayi Selestina analulutira mpaka ogulitsa kabichi anathamangira kudzaona.

"Imbani lero lomwe, bambo a Tiko!"

"Tiyese kaye."

Anavula fulashi m'khosi n'kulowetsa Linux. Batire, chonga. Mabatani, limodzilimodzi, chonga. Kamera inawaonetsa dazi lawo, nayonso chonga. Atafika pa mawu, anadzijambula akuyankhula kuti amvetsere. Zii. Anayesanso. Zii.

"Maiki ndi sipika zonse zagona," anatero akulemba timitanda tiwiri. "Makinawa ndi atsopano kwambiri, Linux sinawazolowere. Anzanga akunja opanga Linux akonza, tidikire."

"Anzanu ati? Mumadziwana nawo?"

"Sitidziwana, koma timathandizana. Zili ngati kumphakati wa kutchalitchi kwathu."

"Ndiye foni yanga iyi, muimbireni."

"Mwana walemba kuti pamenepa. Simunawerenge?"

"Nanga osayesa ndi mahediseti, mwina mungamve?"

"Amake Tiko, m'makutu mwangamu munalowa fumbi la mumgodi zaka khumi. Simudzalowanso china."

Mayi Selestina anakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ankawadziwa ngati chikhatho chawo. Vuto silinali sipika ayi, anali manyazi. M'mawa uliwonse akamwa tiyi, a Gracian ankadzitsekera m'shopu, kujambula mawu, kumvetsera, kupukusa mutu, kenaka n'kutsegula chitseko. Sabata yachisanu mayiwa mtima unawaphulika.

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, bambo inu! Mudzayesa mpaka liti?"

"Mpaka zitheke," anayankha osadzutsa mutu.

Lachiwiri lotsatira, mayi wina wa kabichi anadabwa kuona shopu ili chitsekere dzuwa litakwera. Atakankha chitseko anapeza a Gracian atagwera patebulo, pepala lija lili kunsi kwa dzanja. Anatsirizikira m'njira, galimoto isanafike kuchipatala cha paboma.

Tikondwe anafika ndi Benson ndi mwana maliro atatsala pang'ono kunyamuka. Anthu ankafotokozerana za benchi ndi mbatatesi, kuseka uku akupukuta misozi, koma iye nkhope inali gwa. Ataika maliro anakhala ndi mayi ake kuseri kwa nyumba.

"Amayi, masabata asanu laputopu ili m'manja mwawo, osandiimbira. Apita asanandikhululukire."

 Mayi Selestina akanati chiyani, poti nawonso anali okwiya ndi malemuwo?

Patatha masiku atatu anapita awiriwiri kukalongedza za m'shopu. Tikondwe anayatsa laputopu ija, napeza mawu ojambulidwa ali ndondondo: yesero 1, yesero 2, mpaka yesero 34. Anadina loyamba, osamveka kanthu. Mwachizolowezi anatulutsa mahediseti ake m'thumba n'kulumikiza. Nthawi yomweyo anagwira pakamwa, napatsa mayi ake mbali imodzi.

"Wani, thuu. Wani, thuu," anamveka mawu a a Gracian, bwinobwino ngati ali pomwepo. "Iwe makina, ukundimva? Chitsiru chodula."

Anaseka onse awiri, kuseka kopweteka m'chifuwa. Maiki ija inkagwira ntchito masiku onsewo. Yogona inali sipika yokha.

Pa yesero 9 mkulu uja anatsokomola kaye. "Poti sukumva, ndikuuze. Wailesi ya Benson ija ndinachotsamo waya ndine. Ngakhale mngelo sakanaikonza. Ndinkaopa kuti anditengera mwana kutali."

"Ha! Nkhalamba yachinyengo iwe!" anakuwa mayi Selestina, misozi ili chuchuchu.

Kuyambira yesero limenelo, a Gracian sankayankhulanso ndi makina. Ankayeserera zokamuuza mwana wawo. Tsiku lina ankayamba ndi moni wautali, tsiku lina ndi mtengo wa feteleza, lina ankafunsa ngati mdzukulu anatengera dazi la agogo ake. Lomaliza linali la Lachiwiri lija.

"Tiko, mwana wanga, ndine bambo ako. Ndinalakwa ine. Benson ndi munthu, wakusunga bwino. Bwera ndidzamunyamule mwanayo." Kenaka anati, "Iyayi, sizinamveke bwino. Ndiyesanso mawa."

Tikondwe analira kulira kumene anakanika pa maliro, mpaka msika wa kabichi unati zii. Atatonthola anatenga cholembera cha bambo ake, nafufuta kamtanda ka pa maiki, n'kuchongapo.

M'kashopu kaja pano mukugulitsidwa matumba. Mbatatesi za pa Lizulu zimagulidwa zosatsinidwa, ndipo ogulitsa amene ankatukwana chikhadabo chija amati msika sukukomanso. Mphunzitsi wa ku Mlangeni akadali ndi Linux yake ya basela, akuti sadziwa kuichotsa, komanso safuna. Laputopu inabwerera ku Joni, ndipo mdzukulu amawadziwa agogo ake ndi mawu okha, akafuna kuwamva amati, "Amami, wani thuu."

Mayi Selestina fulashi ija amaivala pambali pa kolona wawo. Lamulungu akalowa m'tchalitchi, amafika pa benchi ya kutsogolo ija, n'kuigwedeza kaye asanakhale. Palibe amene amaseka.