Kuyenda Chimanjamanja

Inu, minibasi iyi sidzaza msanga, khalani apa ndikuuzeni mmene ine Bizwell ndinatsalira pang'ono kuika m'manda amalume anga ali moyo.

Mu Okutobala muja mutu unkandiwawa, khosi lolemera ngati ndasenza belo la fodya. Kuchipatala anandimanga chija cha pamkono, adokotala n'kupukusa mutu.

"Bambo, bipi yakwera. Mukapitiriza chonchi mudzafa ziwalo."

Thukuta kamukamu! Ine kufa ziwalo, fodya ali panazale?

"Musaope," akutero. "Yambani ndi zazing'ono. Mchere chepetsani, ndipo m'mawa uliwonse muziyenda ndawala."

Kuyenda basi? Mankhwala aulere amenewo! M'mawa mwake ndinavala nsapato n'kuuyamba msewu wa ku Nsaru, chimanjamanja, mikono ikuponyedwa uku ndi uku.

Koma inu mukukudziwa kwathu. Munthu wamkulu sayenda ndawala m'mamawa wopanda khasu, wopanda njinga, pokhapokha ngati akukanena uthenga wa maliro.

Mayi Evelyn, oyandikana nafe, anaimitsa tsache.

"A Bizwell, kwagwanji?"

"Palibe, mayi."

"Nanga mukupita kuti?"

"Sindikupita kulikonse."

"Mayo ine, mpaka mutu wasokonezeka! Ndi a Elifasi, eti?"

A Elifasi ndi amalume anga, amakhala kuseri kwa nyumba yanga, ndipo anali akutsokomola mwezi wonse. Ine mpweya unali utandithera, ndiye ndinangokweza dzanja kuti tikamba pobwera. Dzanja limenelo, abale!

Pobwerera ndikupeza masamba aikidwa kale pamsewu. Pakhomo panga azimayi adzaza, kulira kwake kofika ku Kabudula. Mkazi wanga Joyce wangochokera kumjigo, nayenso akulira ndowa ili pamutu, osadziwa n'komwe kuti akulira ndani. Kenako kuseri kuja chitseko chatseguka. A Elifasi ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, kudzakhala pakati pa azibambo, nkhope yachisoni.

"Pepani, pepani. Kodi watisiya ndani?"

Inu! Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi, wina mpaka kusiya patapata. Amalume atamva kuti maliro anali awo, anandiloza ndi ndodo: "Iwe, ukufuna dimba langa, eti?"

Madzulo Joyce anati, "Bambo ake Alinafe, mawa mutenge khasu, anthu aziona ngati mukupita kumunda."

Nzeru! Khasu paphewa, palibe wondifunsa. Ndikudutsa pamunda wa a Raphael, mkulu wa mpingo wathu, ndingomva:

"Aa, a Bizwell! Mulungu akudalitseni. Mwamva kuti msana wandivuta?"

Ndikanati chiyani? Kuti khasuli n'longonamizira anthu? Kwa mkulu wa mpingo? Ndinavula nsapato, ndinaunga mizere mpaka dzuwa pamutu. Mawa lake ndinawapeza akundidikira pamsewu. Ndinasintha njira, kudzera kudambo. Anali komweko, akumwetulira, ndodo yoyezera mizere ili m'manja.

Nditabwerera kuchipatala, adokotala anaomba m'manja.

"Yatsika bwino, bambo! Chimene mukuchitacho musasiye."

"Adokotala, ngakhale kupumulako pang'ono?"

"Ayi, musasiye."

Ndiye sindinasiye. Bipi ili bwino, chimanga cha a Raphael chili bii, m'munda mwanga udzu ukufika m'chiuno. Lamlungu lapitali mkuluyo anaimirira m'tchalitchi kundithokoza pamaso pa mpingo wonse, ndipo amayi amasiye awiri afunsa kale kwa Joyce kuti ndimadutsa nthawi yanji.