Dzino la apongozi

Lolemba
Apongozi afika kuchokera ku Mongue pa njinga ya alamu anga, tsaya litatupa ngati abisa bango mkamwa. Akazi anga akuti ndi dzino lakumapeto. Chichokereni dotolo wachizungu, wozula mano muno mu Milange ndine ndekha, ine amene ndinkangomugwirira nyali. Koma chikwatirireni mwana wawo, mayiwa sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira ndimalowa m'chinangwa. Ndiye lero ndisuzumire mkamwa? Kodi amene anayambitsa mwambowu apongozi ake analibe mano?
Cholinga cha sabata ino: kuzula dzino, osaona nkhope, osanamiza munthu.

Lachiwiri
Ndaboola kapulana, chitenje cha akazi anga, kabowo kokwana pakamwa pokha, kuti apongozi afunde kumutu. Zotsatira:
- apongozi akana, akuti mkamwa ndi nkhope yomwe
- akazi anga sakundiyankhula, kapulanayo anali watsopano
- dzino lilipobe
Koma funsoli landigwira mtima. Nkhope imathera pati?

Lachitatu
Ndabwereka kalilole kwa wometa tsitsi. Ine kuwafulatira apongozi, kuyang'ana m'kalilolemo. Kumanja kwasanduka kumanzere, pulayala ikulunjika dzino labwinobwino! Ndasiya. Akazi anga akuti ndiwapatse pulayalayo, ine ndiziwalangiza ndili kuseri kwa chitseko. Munthu woti akamazula chinangwa theka limatsala m'nthaka! Ndakana. Muzu ukatsalira, wolira ndi wodwala.

Lachinayi
Kamarada sekeletale wa chipani wamva. Akuti zothawa apongozi ndi za mumdima, atumiza anyamata awiri adzawagwire manja. Ndamuuza kuti sindizula dzino la munthu wokana. Wandiyang'ana nthawi yaitali, mwina akundisungira ku msonkhano. Chodabwitsa, pobwerera ndamuona akudumphira m'chimanga, nsapato imodzi kutsala pamsewu. Kutsogolo kukubwera apongozi ake, mtolo wa nkhuni pamutu.

Lachisanu
Kutupa kwatsikira kukhosi. Thupi latentha, phala lomwe sakumeza. Lero sindikuseka, ndikuopa. Mafinya otere ndinaona atapha mwamuna wamphamvu. Alamu akuti awaolotse Ruo akaonedwe ku Malawi, koma chilolezo amapereka ndi sekeletale yemwe uja. Akazi anga: "Muwauze kuti mungopaka mankhwala ndi thonje, kenako muzule modzidzimutsa." Kuba dzino mkamwa mwa apongozi! Ndakananso. Zokana zachuluka, mayi akubuula, ndipo ndayamba kudzikayikira.

Loweruka
Apongozi abwera okha kuchipatala, akhala pampando. Akuyankhula ndi khoma: "Khoma iwe, uwauze azule. Ine nditsinzina, iwonso atsinzine."
Ndauza khoma kuti ndatsinzina. Bodza lenileni! Maso ndatong'ola kuposa masiku onse. Jekeseni, pulayala, dzino latuluka ndi mizu yake yonse, mafinya kutsatira.
Cholinga cha Lolemba chija: nkhope ndaona, munthu ndanamiza. Koma ali ndi mphini zitatu pachipumi, zaka zonsezi ine osadziwa. Ndipo mphuno ija ya ana anga, imene abale anga amandifunsa kuti inachokera kuti, ndaipeza.

Lamulungu
Tsaya layamba kuphwa, phala amaliza mbale. Alimbikira kupita kutchalitchi, ndipo auza aliyense kuti mkamwini wawo amazula mano atatsinzina. Mawa akubwera amayi anayi, apongozi a sekeletale omwe, onse akufuna zotsinzina. Ndiwauze zoona? Ndikatero ndawachititsa manyazi mayi pakati pa anzawo. Ndikapanda kutero ndizinamiza khoma mpaka ukalamba.
Madzulo akazi anga abwera ndi uthenga. "Amayi akuti diso lanu lakumanzere lafiira, muzithira mankhwala."
Ndiye kuti otsinzina dzulo linali khoma lokha.
Njinga ya alamu ikudutsa nawo pakhomo kubwerera ku Mongue. Ine ndili m'chinangwa, monga mwa nthawi zonse.