Tsiku Limene Ndinakwatitsa Munthu ndi Mlongo Wake

Mpaka lero mlamu wanga Esinati akaona mwamuna ndi mkazi atagwirana manja pa msika wa Kasakula amandikodola n'kufunsa mokweza kuti, "Alamu, awonso ndi pachibale?" Ine ndimangoyang'ana tomato ngati ndikufuna kugula. Nkhaniyi anthu aipotoza mokwanira, ndiye bola ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Chaka chatha akazi anga, a Nambewe, anawachotsa ng'ala m'maso kuchipatala. Anali atakhala zaka zingapo akuona dziko ngati lili m'nkhungu ya m'mapiri athu ano mwezi wa Juni. Tsiku limene anawamasula nsalu kumaso anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Kani mwakalamba chonchi?" (Ndinkayembekezera mawu ena, koma ndinalandira omwewo.) Mwana wathu wa ku Lilongwe, posangalala, anatumiza tivi yaing'ono ndi sola, ine n'kuwonjezerapo batire yogula pa sitolo ya mnzanga Che Adamu. A Nambewe anapempha chinthu chimodzi chokha: "Ndikufuna ndione filimu yeniyeni, kuyambira poyamba mpaka kumapeto, ndi maso angawa."

Ndinalumbira mumtima kuti aona filimu yoposa onse padziko lapansi, ndipo chifukwa chake chinalipo. Sukulu ya kwacha itatsegulidwa pa tchalitchi pathu tinalembetsa tonse awiri, ine imvi zitayamba kale. Koma fodya anali m'munda, ndiye ndinagamula kuti mmodzi atsale. "Chaka chamawa mudzapita inu," ndinatero. Ine ndinapitirira mpaka kukakhala pa benchi limodzi ndi ana a pulayimale, Chingerezi chomwe n'kuphunzirako. Chaka chamawa cha a Nambewe sichinafike. Iwo sanaitchulepo nkhaniyi, ndipo kusatchulako ndi kumene kumandilasa.

Sukuluyo inandisiyira matenda amodzi: kukhulupirira malikisi. Munthu amene wayamba kuchongeredwa ndi cholembera chofiira ali wamkulu kale, nambala amaiona ngati yatsika kumwamba.

Mafilimu kuno timawatenga kwa Mariamu, mwana wamkazi wa Che Adamu, amene ali ndi kompyuta pakona ya sitolo ya bambo ake. Ukapita ndi memori khadi amakuikiramo.

"Agogo, aonere ndani?" anandifunsa.

"Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi filimu? Ndipatse yabwino koposa."

"Ngati ndi agogo aakazi, ilipo ya konkuno, ya mkamwini waulesi amene amabisala m'nkhokwe nthawi yopalira. Amayi anga anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi."

Mwina ndikanaitenga, koma mwanayo analakwitsa chinthu chimodzi: anandionetsa pa foni yake malo amene anthu a m'mayiko onse amaperekapo malikisi kwa mafilimu, pa khumi. Mtima wanga unadumpha ngati ndaona mphunzitsi wanga wakale.

"Ya mkamwiniyo inapeza angati?"

"Ilibe, agogo. Sanaiikepo n'komwe."

"Ndiye kuti sinalembe mayeso. Akazi anga sangaonere filimu yothawa mayeso."

Ndinamuuza ayendetse chala mpaka tinapeza ina ya malikisi asanu ndi anayi pa khumi. Asanu ndi anayi! Ine m'moyo wanga wonse wa sukulu ndinawapezapo kamodzi, pa Baibulo.

"Imeneyo ine ndinagona ili pakati," anatero Mariamu. "Komanso salankhula Chingerezi. Chingerezicho amachilemba m'munsi, muziwerenga nokha."

"Iwe mwana, kuwerenga ndiye ntchito yanga. Ndizimasulira."

Che Adamu, amene ankayeza shuga kuseri kwa kauntala, anaponyapo mawu osadzutsa mutu. "Achimwene, mbewu yobereka ku Salima si yonse imabereka m'mapiri muno." Ndinawayankha kuti abwere Lamulungu masana adzaone okha mmene mbewu yanga iberekere. (Pakamwa pangapa pandipalamulira zambiri.)

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi tinatchinga mawindo ndi zitenje. A Nambewe anavala duku lawo latsopano n'kukhala pampando wa patsogolo, mbale ya mtedza wokazinga ili pamiyendo. Mng'ono wawo Esinati anabwera osaitanidwa, monga mwa chizolowezi chake. Che Adamu anakhala pafupi ndi chitseko ndi kapu ya tiyi. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi: mkuluyu anagwirako ntchito ku Joni zaka zambiri, ndipo Chingerezi amachiwerenga ngati akumwa madzi.

Filimu inayamba. Dziko loyera mbuu ndi chipale chofewa. Sitima ikuyenda. Mwamuna wa ndevu ayang'ana pawindo. Sitima ikuyendabe. Mwamuna ayang'anabe pawindo.

"Alamu, yayamba kapena yaima?" anafunsa Esinati.

"Khalani chete, mlamu. Mafilimu a malikisi ambiri sathamanga."

Kenako munalowa mkazi wa chipewa chaubweya, n'kukhala moyang'anana ndi wandevuyo. Analankhula chilankhulo chimene sindinachimvepo ngakhale ku Dzaleka kwa othawa kwawo, kumene zilankhulo zonse zimakumana. M'munsi munatuluka timawu toyera. Ndinakonza magalasi, ndinayamba kulumikiza zilembo za mawu oyamba, ndisanafike pa achitatu, fyuu, zapita. Zabwera zina. Fyuu, zapitanso. Chingerezi chimene ndinaphunzira ine chinkadikira munthu pa bolodi mpaka sabata yonse. Ichi chinali ngati mbewa zothawa moto.

"Akuti chiyani, bambo?" anafunsa a Nambewe, maso awo atsopanowo akuwala.

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanati, "Mayi, zandikanika." Koma ndikanawauza bwanji mawu amenewo anthu amene anatsala m'munda wa fodya kuti ine ndikaphunzire? Ndinatsokomola, n'kuyang'ana nkhope za anthu awiri aja. Mphuno zawo zinkafanana pang'ono.

"Awa ndi pachibale," ndinatero. "Munthu ndi mlongo wake. Akupita kumudzi kukakambirana za munda umene anasiya malume awo."

Che Adamu anatsitsa kapu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Ine sindinawayang'ane.

Chodabwitsa n'chakuti zinayenda bwino! Mkazi akakweza mawu, ine: "Akuti mundawo ndi wa mbumba, iwe ukalime kwa akazi ako." Mwamuna akagwedeza mutu, ine: "Akuti feteleza chaka chatha anagula ndi iye." Atatulukira bambo wina wa suti ndi chikwama, ndinamusandutsa venda wofuna kugula mundawo motchipa. Esinati anaiwala mtedza, n'kuima kumbali ya mkaziyo. "Usalole, mwana wanga! Amuna onse ndi choncho!" A Nambewe ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Ine mtima unakhala m'malo, mwinanso kunyada kunalowapo. Ndinafika poganiza kuti nkhani yanga ikuposa ya eni ake.

Kenako anthu aja anatsika sitima, n'kugwirana manja.

"Iii, pachibale?" anatero Esinati.

"Kwawoko kumazizira kwambiri, mlamu. Osagwirana manja zala zimathothoka."

Anavomera monyinyirika. Koma wandevu uja sanandimvere chisoni. Pansi pa nyale ya mumsewu anaima, anamuvula mlongo wakeyo chipewa, anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. Ine mumtima ndikupemphera kuti, Ambuye, abwere venda uja. Venda sanabwere. Anapsompsonana. Osati kwa patsaya kwa moni ayi, koma kuja kwakuti ngakhale nkhuku pabwalo zimayang'ana kumbali.

Esinati anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa.

"Ndi mwambo wa kwawo wopepesana," ndinatero ndi mawu aang'ono. "Mkangano wa munda ukatha, amatero."

"Kupepesana kwake kotalika chonchi?" anafunsa a Nambewe. "Analakwirana zambiri, eti?"

Che Adamu anatsamwa ndi tiyi, anatuluka panja kukatsokomola, anabweranso maso ali ofiira.

Ndinaganiza kuti choipa chadutsa. Ndinayamba kukonza zoti mundawo augawane pakati nkhani ithe mwamtendere. Koma chithunzi chitasintha, tinaona tchalitchi, belu likulira, mkazi uja atavala zoyera mpaka kumapazi, wandevu atameta ndevu, wansembe ali pakati. Venda wanga uja ndi amene ananyamula mphete.

Esinati anadzuka, manja ali kumutu. "Malaulo! Mayo ine, malaulo! Akukhwima awa! Munthu kukwatira mlongo wake chifukwa cha munda? Ndi abusa omwe avomera? Achemwali, tsekani maso, angabwerere ng'ala!"

Ine ndinagwada msanga kuseri kwa tivi ngati ndikukonza chinachake, n'kusolola waya. Chithunzi chinazima.

"Batire yatha," ndinalengeza.

Apa ndiye ndinaponda pa mchira wa Che Adamu. Bodza la munda analipirira, la zala zothothoka analipirira, koma kunyoza katundu wa m'sitolo mwawo sakanalola.

"Achimwene, batire imeneyo ndinakugulitsani ndine. Dzuwa likuswa mtengo panjapa. Singathe. Waya uyo ali m'manja mwanuyo."

Onse anayang'ana dzanja langa. Waya analidi m'menemo.

"Ndipo poti zafika apa," anapitiriza, akuyesetsa kuti asaseke, "anthu awa si pachibale. Akumana m'sitima momwemo. Za munda palibe amene watchulapo. Chiyambire akukambirana zoti moyo ndi waufupi ndiponso kuti mwamunayo amasowa tulo."

"Basi?" anafunsa Esinati.

"Basi."

"Nanga feteleza?"

"Mulibe feteleza, mayi."

Esinati anakhala pansi mwaphuma, wokhumudwa kuposa mmene analili poona ukwati uja. Kenako anayamba kuseka, kuseka kogwetsa mbale, mpaka ana a oyandikana nawo anabwera kudzasuzumira pawindo. "Alamu anga ophunzira! Mwakwatitsa munthu ndi mlongo wake Lamulungu, mutangochoka ku tchalitchi!"

Alendo atapita ndinakhala pakhonde, ndikuyang'ana phiri ngati ndaliona koyamba. A Nambewe anabwera kudzakhala pambali panga ndi mtedza wotsala. Ndinkadikira chidzudzulo, ndipo chinali chondiyenera.

"Ndinadziwa akadali m'sitima," anatero. "Munthu sayang'ana mlongo wake choncho. Maso ndi atsopano awa, bambo."

"Nanga osandiletsa bwanji?"

"Ya munda ija imakoma. Ndimafuna ndione kuti mutuluka bwanji." Anatafuna mtedza pang'ono. "Timawu tija timathamanga, eti?"

"Timathamanga, mayi."

"Tikanakhala awiri, wina akanagwira toyamba, wina totsiriza."

Sananene mokwiya. Anangonena ngati akunena za mvula. Koma ine ndinabweza mtedza wanga m'mbale. Zaka zonsezi ndinkaopa tsiku limene adzaitchule nkhani ya sukulu ija, ndipo inabwera itakwera sitima ya kudziko lachipale.

M'mawa mwake ndinapita kwa Mariamu, chipewa chili m'manja. Nkhani inali itandidutsa kale panjira, chifukwa anangondiona n'kubisa nkhope kuseri kwa kompyuta.

"Agogo, aonere ndani?"

"Agogo ako aakazi. Amakonda mikangano ya pachibale, anthu olankhula zomveka, ndiponso nkhani yoyenda, osati munthu kungoyang'ana pawindo. Ndipatse ya mkamwini ija. Undipatsenso kope ndi pensulo."

Filimu yothawa mayesoyo taionera mpaka khadi kutentha. A Nambewe amadziwa pamene mkamwini ayetsemulire m'nkhokwe, koma amasekabe ngati n'koyamba. Sindikunena kuti opereka malikisi aja ananama. Mwina kwa anthu owerenga mothamanga, osowa tulo, okhala m'mayiko ozizira, filimu ija ndi ya asanu ndi anayi ndithu. Kungoti pa anthu onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pakhonde ndi a Nambewe. Mariamu, amene amawadziwa kuyambira ali wakhanda, anakhoza ndi funso limodzi lokha. Masiku ano ndimafunsa munthu amene waionera ndipo amatidziwa, ndimamuuza andionetse kachigawo kochepa ndisanatenge, ndipo ndimayamba ndamva ngati akulankhula chilankhulo cha anthu. (Malikisiwo ndimawasuzumirabe Mariamu akayang'ana kumbali. Matenda a ukulu sachira msanga.)

Kope lija lili pa ntchito. Tikamwa tiyi m'mawa timakhala pakhonde, ine mphunzitsi, iwo mwana wa sukulu wovuta kwambiri amene ndinamuonapo. Afika pa kulemba dzina lawo ndi la mbuzi zathu zonse. Sabata yatha ndinawachongera ntchito yawo n'kulemba pansi pake asanu ndi anayi pa khumi, kuti ndiwasangalatse. Anayang'ana nambalayo, anandiyang'ana ine, n'kundibwezera kope.

"Fufutani, bambo. Malikisi amenewa tinawaona kale zochita zake."