Chipeso, Mphaka ndi Chiperoni cha ku Chirimba

Pa dzanja langa lamanja pali zipsera zitatu zondondozana. Ana anga amadziwa kuti ndi za mphaka. Chimene sindinawauzepo n'chakuti mphakayo sanalakwe.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Limbe, nditangotuluka kumene sukulu ya mishoni. Kusukuluko mphunzitsi wathu, Mzungu wa ku Sikotilandi, anationetsa chinthu chimene sindinachiiwale. Anakwecha kandodo kakuda ka mphira wolimba pa chikopa cha mphaka, n'kukayandikiza pa tizidutswa ta pepala. Tizidutswato tinadumpha tokha n'kumatirira pa kandodoko. Anati m'chinthu chilichonse muli mphamvu ya magetsi ya mitundu iwiri, ndipo ukakwechanitsa zinthu ziwiri, china chimalanda ina ya chinzake. Mphamvu zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Ananenanso mawu ena okhudza nyengo. (Pamenepo ine ndinali nditangoti kukamwa yasa, maso pa mapepala aja.)

Nditayamba ntchito ndinagula chipeso chakuda cha mphira womwewo. Ndikachipititsa m'tsitsi kasanu, chinkanyamula mapepala pa tebulo la mu ofesi. Anzanga ankandipatsa ulemu.

Pafupi ndi ntchito yathu panali shopu ya telala wa Chimwenye, ndipo mmenemo munali mtsikana wosita zovala, dzina lake Elube. Tinagwirizana za ukwati. Chovuta chinali amalume ake, a Malunga a ku Chirimba, mmisiri woumba njerwa. Iwo mtima wawo unali pa kalipentala wina amenenso ankamufuna Elube. Anatumiza mawu kuti asanalandire ankhoswe anga, ndipite akandione nkhope.

Sabata yonseyo kunali kouma, dzuwa lili phwee, ndipo chipeso chinkamvera ngati galu. Loweruka ndinavala jekete, n'kudzola mafuta kumutu mpaka tsitsi linawala ngati nsapato ya bwana. Ndinabwereka njinga. Ndisanadutse Blantyre, chiperoni chinatsika: nkhungu, mphepo, ndi kamvula kowaza kaja kosaoneka koma konyowetsa. Ndinafika ku Chirimba jekete ili nyekhethe.

A Malunga anali pakhonde, atafunda bulangete, chipanda cha thobwa chili pa kampando patsogolo pawo. Elube anali kumapeto kwa khonde, akusita zovala za kutchalitchi ndi simbi ya makala. Titalonjerana, amalumewo sanazungulire.

"A kalaliki, mpando mwakhalirawo anandikhomera ndi kalipentala uja. Inu zaka zonse zija ku sukulu munatengako chiyani choti maso n'kuona?"

Munthu wanzeru akanati amadziwa kulemba makalata. Ine ndinati, "Ndikhoza kunyamula pepala osalikhudza."

"Osalikhudza? Mayi, taitanani anthu adzaone."

Anabwera akazi awo, alongo awo awiri, ndi aneba amene sanaitanidwe. Ndinang'amba pepala la m'thumba, n'kuika tizidutswa pa kampando, pambali pa chipanda ndi kachitini ka fodya wawo. Ndinapesa tsitsi kasanu. Ndinayandikiza chipeso. Mapepala anangokhala phee. Ndinapesanso kakhumi. Chipeso chinatuluka chikudontha mafuta.

"Akudzikongoletsa kaye," anatero mlongo wawo wina. "Musawafulumize."

Ndinakwecha chipeso pa mkono wa jekete yonyowa ija mpaka phewa linawawa. Palibe chinachitika. Ndinakumbuka kuti ubweya umathandiza, ndipo ubweya umene ndinauona pafupi unali bulangete la a Malunga. Ndinapempha. Anavomera, koma sanalivule. Choncho ndinaima kumbuyo kwa munthu amene ndinkafuna kuti akhale mpongozi wanga, n'kumamukwecha paphewa ndi chipeso chamafuta.

"Mnyamata," anafunsa osatembenuka, "mukundipesa kapena mukundisambitsa?"

Anthu anaseka. Mapepala sanasunthe.

Apa m'pamene ndinaona mphaka atagona pansi pa mpando wanga. Mphunzitsi uja anagwiritsa ntchito chikopa cha mphaka. (Sindinaganizire kuti m'chikopa chakecho munalibe mwini wake.) Ndinamunyamula, n'kumukwecha pamsana mwamphamvu. Kawiri kokha. Kachitatu anandilemba zikhadabo padzanja, anadumpha, n'kuponda m'mphepete mwa chipanda. Thobwa yense anathera pamiyendo pa a Malunga.

Palibe anaseka tsopano. M'maganizo mwanga ndinaona kalipentala uja akulowa m'banjamo ndi mipando yake yonse.

Elube anaika simbi pansi, nabwera kudzagwada.

"Amalume, ndiloleni ndibwereke chipesocho."

Anachitsuka ndi sopo ndi phulusa, nachipukuta, nachiika pafupi ndi simbi kuti chimve kutentha. Anatenga kansalu ka ubweya kotsalira ku shopu, nakasita mpaka nthunzi inaleka kutuluka. Anang'amba mapepala ena, nawasitanso. Sanafulumire, ndipo sanandiyang'ane. Kenaka anakwecha chipeso ndi kansalu kofundako, mofulumira, kulowera mbali imodzi, n'kuchitsitsa pa kampando.

Mapepala anadumpha onse. Ena anamatirira, ena anagunda chipeso n'kuthawanso. Ngakhale tinyenyeswa ta fodya wa a Malunga tinanyamuka m'kachitini muja.

"Ha!" anatero amalumewo, ataiwala thobwa. "Tachitanso! Iwe, zimenezi unaphunzira kuti?"

"Ku shopu, amalume. Tsiku louma, silika ukamusita amatsatira dzanja, nthawi zina amathetheka. Ukayanika zidutswa ziwiri zosita kumene, zimathawana pachingwe. Koma kukachita chiperoni, nsalu zimangokhala zofatsa. Chinyezi chimaba mphamvuyo. Ndiye chilichonse chiume kaye, ndipo chisakhale ndi mafuta."

Mawu a mphunzitsi okhudza nyengo aja anandibwerera onse nthawi yomweyo. Mzungu uja anawanena m'kalasi, ine sindinamve. Elube analibe womuuza, koma anaona yekha ndi manja ake, n'kusunga. Ndawerenga mabuku angapo chiyambire tsikulo, koma sindinaonepo munthu wopenyetsetsa ngati iye.

Ndipo sanalekere pomwepo. Ali chigwadire anati, "Ine ndimangodziwa kachitidwe. Chifukwa chake amachidziwa ndi achimwenewa. Tafotokozani."

Ndinafotokoza, dzanja nditalikulunga m'mpango, za mphamvu ziwiri zija, kukokana ndi kukankhana. Ndinati mapepala ena aja anathawa chifukwa atakhudza chipeso analandirako mphamvu yofanana ndi yake. Elube anagwedeza mutu ngati wapeza batani limene linamusowa kalekale. A Malunga anamvetsera, akufinya thobwa m'bulangete.

"Ankhoswe anu abwere Loweruka likudzali," anatero pomaliza. "Musaganize kuti mwandigometsa, ayi. Koma kalipentala uja akhoza kudzisamala yekha. Inuyo tikakusiyani nokha, amphaka akutherani."

Ndinathokoza. Sindinaone chifukwa chotsutsira.

Papita zaka zambiri. Chipeso chija ndikadali nacho, chathothoka mano anayi. Ndinaphunzira kuti ndisanaonetse alendo za magetsi ndiziyamba ndasuzumira kunja, kenaka ndifunse amayi akunyumba, Elube yemwe uja. Chaka chatha anatichezera aphunzitsi a mwana wathu wamkulu. Kunja kunali ka nkhungu pang'ono chabe, ndipo ndinaona kuti munthu wa msinkhu wanga safunika kufunsa. Ndinatulutsa chipeso.

Amayi anangonyamula mphaka wathu n'kukamutsekera kuchipinda, kenaka anapita kukaika makala mu simbi.