Theka la Pansi la Che Bwanali

Kuno ku Kawale aliyense amadziwa kuti malemu Che Bwanali ankamva kuwawa m'thupi dontho la dizilo likapsa pachabe. Ena amaumira ndalama, ena nyama ya m'mbale. Iwo ndalama ankathandiza nazo anthu, nyama ankagawa, koma dizilo ndiye musayerekeze. Ine ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa, chifukwa ndimagulitsa tomato pamsika, ndipo kwa zaka zambiri ine ndi amayi anzanga tinkakwera pikapu yawo popita kukapikula ku Njewa.

Pikapuyo inali yoyera, kapena ndinene kuti inabadwa yoyera. Kuyenda kwake ndiye kunali kwa mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Tsiku lina tikukwera mtunda wochokera pamlatho, wakabaza wa njinga yopalasa anatipitirira atanyamula mayi ndi thumba la makala, n'kucheuka kutifunsa ngati tikufuna thandizo.

"Che Bwanali, pondaniko moto pang'ono!" ndinakuwa ndili kumbuyo. "Tomatoyu tagula wosapsa, apsera m'njira!"

"Ndiye bwino, Amake Thandie," anayankha atatulutsa mutu pawindo. "Wakupsa ndiye amagulidwa msanga."

Tomato wangayo ankamugwiritsanso ntchito ina. Pophunzitsa mwana wawo wamkazi Zulaikha kuyendetsa galimoto, ankandipempha mmodzi wofewa n'kumuika pansi pa chopondera moto. Akaphulika, ndiye kuti phazi lalemera, phunziro latha, mawa ayambirenso. Mtsikanayo analira mokwanira, ndipo kunyumba kwawo anadya ndiwo za tomato wambiri chaka chimenecho.

M'mawa uliwonse akachoka kumzikiti ankazungulira pikapuyo ndi pampu, akudina matayala ndi chala ngati munthu wosankha mapeyala. Ankati tayala lofewa ndi mbava yokhala m'nyumba. Akatero ankatsegula boneti, kutulutsa fyuluta ya mpweya n'kuikuntha fumbi, ati injini ikatsekeka mphuno imamwa mwaukali. Chilichonse cholemera chopanda ntchito anachichotsa: zitsulo zakutsogolo, wailesi, ngakhale kalilole wina amene ankati amangoonetsa zomwe zadutsa kale. Nthawi ya mvula ankaima panjira, kutsika ndi kamtengo n'kuyamba kupala matope kunsi kwa galimoto ife tikudikira.

"Nanga matopewo akulakwirani chiyani?"

"Alipira hayala amenewa? Atsike."

Ngakhale ifeyo ankatiyeza ndi maso tisanakwere. Mnzanga wina wathupi ndithu atanyamula botolo lalikulu la thobwa, anamuuza mwaulemu kuti, "Amayi, chimodzi chitsale, inu kapena thobwayo." Mayiyo anamwa thobwa yense ali chiimire n'kukwera. Che Bwanali anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti apa ndiye awapambana nzeru.

Injini yolira galimoto itaima ankaiona ngati tchimo. Mukawaimitsa kuti muwapatse moni, ankayamba azimitsa kaye. Tsono poti azimitsa kale, moniyo sankatha msanga: ankafunsa za ana, za nkhuku, za apongozi a ku Dedza, mpaka inu oyambitsa moni kuyamba kufunafuna pothawira. Ulendo wopanda katundu sankaudziwa. Pa ukwati wina ku Chinsapo anatinyamula ife amayi oimba pamodzi ndi zitseko za kalipentala ndi mbuzi za munthu wina wa ku Biwi, ati njira ndi imodzi. Tinafika mochedwa, mbuzi itadya maluwa a mkwatibwi, ndipo mayi ake a mkwati sanatilankhule tsiku lonse.

Koma chimene chinkatipsetsa mtima kwambiri ndi kamuvi kosonyeza mafuta. Kakangofika pakati, Che Bwanali ankati mafuta atha. Tsiku lina izi zinachitika ku Biwi, malo omwetsera mafuta tikuwaona apo. Anazimitsa injini n'kutsika.

"Amayi, tithandizane. Kankhani."

Ndinasuzumira pawindo ndekha. "Che Bwanali, musatipusitse. Thanki ili theka!"

"Theka la pamwamba ndiye langa, ndipo latha. La pansilo si langa."

"Ndi la ndani?"

"Mwini wake sanabwere."

Tinakankha, azimayi akuluakulu ndi zitenje zathu, ana asukulu akutiwombera m'manja. Ndinawalalatira mpaka mawu kusasa, iwo akungowongolera chiwongolero akuimba motsitsa. Kuyambira pamenepo, munthu akakana kubwereketsa chinthu ku Kawale, anthu ankati wasunga theka la pansi.

Amene ankawaseka kwambiri anali mkamwini wanga Gilford, mwamuna wa mwana wanga Thandie. Iyeyo anali ndi pikapu yakeyake, ya matayala onenepa, magetsi padenga ngati bwalo la mpira, ndi masipika oti akalira mtima umasuntha. Ponyamuka ankasiya utsi wakuda ndi fumbi, nkhuku zili balala.

"Madala, galimoto yanuyi ipumeko, ikakhale khola la nkhunda," ankatero. "Masiku ano ndi za fasti."

"Thamanga, mwana wanga," ankayankha iwo. "Ndikakupeza ku filing'i, ukumwetsa mafuta."

Amayi ambiri anasamukira kwa Gilford. Ine ndinatsala, ndikung'ung'udza tsiku ndi tsiku, chifukwa kwa mkamwiniyo tomato ankafika atasanduka supu.

Kenako inafika nyengo ija mafuta anasowa m'tauni monse. Mizere ya galimoto inkatalika mpaka kukhota m'makwalala, anthu akugona m'magalimoto. Pikapu ya Gilford inauma ili pamzere ku Area 36, moti ankaisuntha ndi manja. Ya Che Bwanali inayendabe kwa masiku angapo anzawo ataima, mpaka kamuvi kanafika pakati. Pamenepo anaiimika pansi pa mtengo wa mango n'kuifunditsa lona. Anthu anabwera ndi hayala zonona, anyamata a zigubu anabwera ndi kapaipi kawo kuti awagule dizilo yense. Onse anabwerera. Kunyumba kwawoko tiyi anayamba kumwedwa wopanda shuga, ndipo ife tinkati nkhalambayi tsopano mutu wazungulira.

Thandie anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinamupeza atakhala pansi m'khitchini akutaya magazi, milomo itayera. Ine ndabereka, ndaonanso ena akubereka, ndipo ndinadziwa kuti izi si zodikira. Gilford anathamanga khomo ndi khomo. Aliyense wa galimoto ankangomuonetsa manja, thanki youma. Wa njinga yamoto anabwera, koma mwanayo sakanatha kukhala tsonga. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka pamtengo wa mango uja.

"Che Bwanali, mwana wanga akufa!"

Sanafunse chilichonse. Anadzuka pamkeka n'kukoka lona lija kamodzi.

"Abiti Zaki, matiresi!" anaitana akazi awo. "Mwini wake wafika."

Abale anga, pikapu ija inali ndi liwiro, inkangotibisira. Inabangula ngati yakwiya ndi zaka zonse zija. Hutala imene tinkaganiza kuti anaichotsa kalekale inalira kuchokera ku Kawale mpaka m'tauni, anthu a pamizere ya mafuta akudzuka kuti aone. Ena mpaka lero amakana kuti anali iwo. Ine ndinali kumbuyo, mutu wa Thandie uli pamiyendo panga, Abiti Zaki atamugwira manja. Kutsogolo ndinkamva Gilford, mwini fasti uja, akukuwa.

"Bambo, pang'onopang'ono! Mutipha!"

"Khala chete iwe! Dizilo ameneyu ndi wa mwanayu, amuwotche mmene akufunira."

Kuchipatala anamuthamangitsira mkati. Titadikira mpaka miyendo kuzizira, namwino anatuluka n'kunena kuti mayi ali moyo, mwana wamkazi ali moyo, koma tikanachedwa pang'ono akanatiuza zina. Gilford anakhala pansi pasimenti n'kulira ngati kamwana. Che Bwanali anali panja, akupepesa pikapu yawo ndi kuisisita boneti.

Tili pabenchipo, Abiti Zaki anandiuza motsitsa mawu zimene sanauzepo munthu ku Kawale. Kale ali kwawo ku Machinga, amuna awo akadali telala, mimba yawo yoyamba inavuta. Anakwera lole ya munthu, ndipo loleyo inathera mafuta pakati pa tchire. Mwana anabadwira m'mbali mwa msewu, sanalire. "Kuyambira tsiku limenelo," anatero, "bambowa sanakhululukirepo thanki youma." Ndinakumbukira kulalata kwanga kwa ku Biwi, misozi n'kungotsika.

Mwanayo tinamutcha Favour. Mafuta atayamba kupezeka, Che Bwanali anadzaza thanki n'kubwerera ku kayendedwe kawo ka mkwatibwi, ngati palibe chinachitika. Gilford anamasula magetsi a padenga ndi masipika, ndipo m'mawa wina anafika pabenchi langa akukanda m'mutu.

"Amayi, mungandigaireko tomato mmodzi? Wofewa."

Che Bwanali anatisiya chaka chatha nyengo yozizira, atadwala masiku ochepa. Gilford anatsuka pikapu zonse ziwiri kuti zinyamule maliro, koma a Shehe anamuuza kuti jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu, imayenda pamapewa a amuna. Ndiye anthu anatuluka, Asilamu ndi Akhristu omwe, madalaivala, akabaza, anyamata a zigubu aja, kulandizana jenezayo phewa ndi phewa mpaka msewu kudzaza. Ife amayi tinatsala pakhomo tikuyang'ana. Mayi wa thobwa uja anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Taonani, ulendo womaliza osawotcha ngakhale dontho. Kumene aliko akusekerera." Tinaseka tikulira, ngakhale Abiti Zaki anaseka.

Masiku ano Kawale akuthamanga kwambiri. Palibenso wozimitsa injini kuti akufunseni za nkhuku zanu, ndipo m'mawa ndikadutsa pamtengo wa mango ndimayembekezerabe kumva kulira kwa pampu ija ndi kanyimbo kawo. Ndimawasowa, ine amene ndinkakangana nawo kuposa wina aliyense.

Pikapu yoyera ikuyendabe. Akuyendetsa ndi Zulaikha, phazi lopepuka ngati la bambo ake, ndipo amayi onse anabwerera. Sabata yatha tikuchokera ku Njewa, ndili ndi Favour kumsana, injini inazima ku Biwi, malo omwetsera mafuta tikuwaona apo. Zulaikha anatulutsa mutu pawindo mwamanyazi, koma asanatsegule pakamwa ine ndinali nditatsika kale, ndikumanga chitenje. Tinakankha tonse popanda wodandaula, kamwanako kakumenya chitsulo ndi kadzanja kake. Sitikudziwa kuti ulendo uno theka la pansilo ndi la ndani. Koma mwini wake alipo, ndipo tsiku limene adzafike wopanda nsapato, adzapeza dizilo wake tamusungira.